Ulendo wanga wa ku Wimbledon, kutsata Ons Jabeur

Lachisanu, 7 Julaye 2023

Ndafika abale anga. Basi yanyamuka ku Manchester m'mawa ndipo talowa pa Victoria Coach Station dzuwa litapendeka kale, msana ukuwawa koma mtima uli myaa. Achimwene anabwera kudzandichingamira ndi kamtsikana kawo ka zaka 11, takwera sitima yapansi mpaka ku Tooting komwe amakhala, ndipo alamu anali ataphika kale nsima ya ndiwo za nkhwani wotendera, kaya nkhwaniyo anaipeza kuti mu London muno koma inalipo ndithu.

Amene mumandidziwa mukudziwa chimene ndabwelera. Chaka chatha fainolo ya azimayi ya mpikisano wa tenesi wa Wimbledon ndinaonera pa foni nthawi ya buleki ku ntchito, Ons Jabeur wa ku Tunisia anatenga seti yoyamba 6-3 ine ndikuti basi chaka chino mbale ija ya wopambana ikubwera ku Africa, kenako Elena Rybakina anangotembenuza zinthu 6-2, 6-2. Ndinabwerera ku shifiti maso ali ofiira. Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti chaka chamawa ndikakhala konko, nde ndakhala ndikusunga masiku a holide ndi timapaundi pang'onopang'ono kuyambira nthawi imeneyo.

Mpikisano unayamba Lolemba pa 3, azimayi 128, ukagonja kamodzi basi wanyamula chikwama, ndipo wotenga mbale ayenera kupambana kasanu ndi kawiri motsatizana. Ons wadutsa kale awiri osataya seti, Magdalena Fręch wa ku Poland 6-3, 6-3 ndi Bai Zhuoxuan wa ku China 6-1, 6-1. Mawa ali ndi Bianca Andreescu. Alamu ya foni ndaitchera 4 koloko.

Loweruka, 8 Julaye

Ndilembe ndisanagone chifukwa mawa ndiiwala zina.

Mzere wa ku Wimbledon ndi nkhani payokha. Umakhala mu Wimbledon Park, dambo lalikulu la kapinga pafupi ndi siteshoni ya Southfields, ndipo ukangofika amakupatsa kakhadi kolembedwa deti ndi nambala yako, kakhadi kameneko ndiye malo ako, palibe zoti ndinasiya mwala apa kapena mnzanga anandisungira. Ukhoza kuchoka kukagula tiyi kapena kupita kuchimbudzi bola usapitirire mphindi 30. Kutsogolo kuli ma tenti a anthu ogona pompo chifukwa oyambirira ndi amene amapeza matikiti a ma bwalo akuluakulu, pafupifupi 500 pa bwalo lililonse. Enafe tinagula tikiti yongolowera, mapaundi 27, yomwe imakulola kuzungulira ma bwalo ang'onoang'ono ndi kukhala pa phiri. Ndinakhala pa chitenje changa maola angapo ndikucheza ndi gogo wina wachizungu amene akuti wakhala akubwera pamzerewu kuyambira ali mtsikana, anandigawira masangweji ine ndinamugawira mandasi a alamu ndipo anapempha achiwiri.

Kamwana ka achimwene ndi kamene kanali mphunzitsi wanga lero, kamasewera tenesi pa ma bwalo a mu paki kufupi ndi kwawo. Ine malamulo ndimawadziwa koma kumva kamwana kakufotokoza ndi mtima wonse kunandikoma. "Anti, 15, 30, 40 kenako gemu, ziro amati love, mukafanana pa 40 ndi deuce nde muyenera kuwina ma pointi awiri otsatizana. Magemu 6 ndi seti, azimayi akawina maseti awiri basi." Ndikuikira inu amene mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti manambalawa amatanthauza chani.

Titalowa chinthu choyamba kundigwira mtima ndi kapinga. Amamudula mamilimita 8 ndendende ndipo ukamuyang'ana umaona ngati kapeti, kupatula kumbuyo kumene osewera amaima komwe wayamba kale kuyera ndi kupondedwa. Ndinapita kukasuzumira kumene amachitira pulakatisi. Abale, TV imatinamiza liwiro. Mpira umalira kuti phwa! ndipo usanatembenuze khosi wabwerera kale, komanso pa kapinga sudumpha kwambiri, umatsetsereka chapansipansi, nchifukwa chake azimayiwa amasewera atapinda maondo ngati akupalira. Miyendo yawo ndi minofu yokhayokha.

Gemu ya Ons inali pa Centre Court, bwalo lalikulu kuposa onse, nde tinakaonera pa phiri lomwe anthu amalitcha Henman Hill, pali sikirini yaikulu ndipo anthu amangoyala nsalu ngati pa msonkhano wa mpingo. Andreescu si munthu wamba, anatenga US Open mu 2019 atagonjetsa Serena Williams, ndipo lero anayamba ngati mkango, seti yoyamba 6-3 yake. Ons anabweza 6-3. Seti yachitatu ili pakati zinthu zisakuoneka bwino mvula inagwa, anaimitsa kuti atseke denga, ife pa phiri tili mu ma ambulera madzi akutsikira m'khosi. Atabwerera Ons anali wina, anamaliza 6-4. Ndinakuwa mpaka mayi wina wa mbendera yofiira ya Tunisia anabwera kudzandikumbatira, anandifunsa kwathu, nditati Malawi anati Africa ndi imodzi. Tafika kunyumba usiku titanyowa koma palibe amene wadandaula.

Lamulungu, 9 Julaye

Lero tinapita ku tchalitchi, masana ndinachapa zonyowa zadzulo, madzulo tonse pa BBC. Kale Lamulungu lapakati ngati lino kunkakhala kopuma koma kuyambira chaka chatha amasewera.

Iga Świątek, nambala wani pa dziko lonse, anatsala pang'ono kutuluka, Belinda Bencic anali ndi ma match point awiri, kutanthauza kuti kawiri konse anangotsala ndi pointi imodzi kuti awine, koma Iga anapulumuka. Koma gemu imene yandisowetsa tulo ndi ya Elina Svitolina wa ku Ukraine ndi Victoria Azarenka wa ku Belarus. Onse ndi amayi a ana. Svitolina anabereka mwana wamkazi mu Okotobala chaka chathachi, miyezi 9 yokha yapitayo, ndipo analowa mpikisano uno mochita kuitanidwa mwapadera chifukwa nambala yake inatsika nthawi ya uchembere. Alamu amene tenesi sawerengera kwenikweni anasiya mbale mu sinki kudzakhala pansi atamva zimenezo, amvekere miyezi 9 ine ndinali ndikuyendabe mogwira m'chiuno. Svitolina anagonja seti yoyamba 2-6, anabweza 6-4, yachitatu inafika 6-6 nde anapita ku tie-break, gemu yodula mlandu mukafanana, yofika mapointi 10, ndipo anaitenga 11-9 nkugwa chagada pa kapinga.

Pamapeto sanagwirane chanza. Osewera a ku Ukraine ananeneratu kuti sagwira chanza cha a ku Russia ndi Belarus nkhondo ili mkati, Azarenka amadziwa zimenezo nde anangokweza dzanja chapatali mwaulemu osapita pa neti, koma anthu ena m'bwalo anamukuwiza akutuluka. Zinandipweteka. Mayiyo analemekeza chisankho cha mnzake, analakwa chani? Anthu ambiri amene anakuwawo ndikuganiza samadziwa nkomwe nkhani yake.

Lolemba, 10 Julaye

Tsiku la lero ndidzalifotokozera adzukulu.

Ndinapita ndekha, mwana ali ku sukulu. Ndinalawira kuposa Loweruka ndipo nambala yanga inali yabwinoko. M'mawa nkhani inali ya Mirra Andreeva, kamtsikana ka ku Russia ka zaka 16 kamene kanachita kudutsira mu ndime yachipulula kuti kalowe mpikisano weniweni, ndipo kanafika mpaka ndime yachinayi. Kanali kakumugonjetsa Madison Keys wa ku America, seti yoyamba katatenga 6-3 ndipo yachiwiri kali patsogolo 4-1, kenako Keys anayamba kubwera pa neti nkusintha zonse. Chakumapeto Mirra anaterereka raketi nkumenya pansi, woyimbira anati waiponya dala ndipo popeza anali atamuchenjeza kale anamulanda pointi, pointi yomweyo inapatsa Keys match point. Mwanayo anayesa kufotokoza kuti wagwa sanaponye koma sizinamveke. Ndinamuyang'ana nkhope ndikuona mwana wa Fomu 3 ataima yekha pakati pa anthu masauzande, wopanda womugwira phewa.

Apa ndi pamene pakhala pakundizungulira mutu tsiku lonse. Ine ndinakulira netiboli, ndinkasewera senta ku sekondale, ndipo mu netiboli tsiku likakuipira pali anzako 6 okuphimbira, kochi akhoza kukutulutsa upume alowe wina. Mu tenesi ya mmodzimmodzi mulibe zimenezo. Dzanja likayamba kunjenjemera ndi lako, ukalakwitsa palibe womuyang'ana, pa mpando wopumira umakhala wekha ndi thaulo ndi botolo la madzi kwa sekondi 90 uku anthu onse akukuyang'ana. Kochi ndi abale ali m'mwamba umo mu bokosi lawo, akhoza kuomba m'manja ndi kukulimbikitsa koma mpira ukabwera ndi iwe ndi iwe.

Nde masana ndinakalembetsa pa malo ogulitsanso matikiti. Anthu a ma bwalo akuluakulu akamapita kwawo msanga mipando yawo imagulitsidwanso motchipa kwa ife a tikiti yongolowera ndipo ndalama zake zimapita ku zachifundo. Ndinadikira ndikupemphera chamumtima, ndipo Mulungu si Jemusi, ndinapeza mpando wa Centre Court gemu ya Ons ndi Petra Kvitová isanathe seti yoyamba. Amakulowetsa pokhapokha osewera akamasinthana mbali. Nditakwera masitepe nkuona bwalo lija, mipando pafupifupi 15,000, kapinga ali biriwiri pansipo, zovala zoyera zokhazokha, miyendo inandilefuka. Ndipo chete wake! Munthu akamaponya mpira m'mwamba kuti aseve umamva mpaka kugunda kwa mpira pa kapinga.

Kvitová watenga Wimbledon kawiri, 2011 ndi 2014, ndi wamanzere ndipo amamenya mpira ngati akuswa nkhuni. Ndinkaopa gemu imeneyi kuyambira pomwe ndinaona mndandanda. Koma Ons lero anali ngati wadya moto, 6-0, 6-3, ola limodzi lokha basi zatha. Mumaso ndi pamene ndamvetsa chimene amachita. Enawa amamenya mwamphamvu mpaka wina atope, iye amasinthasintha, uwu waudula ubwere chapansi, uwu waukweza, kenako mnzake ali kutali kumbuyo amangougwetsa kuseri kwa neti, drop shot ija, mpira nkufera pompo ngati dzira lagwa pa mchenga. Bwalo lonse limapuma limodzi kuti haaa. Kwawo amamutcha nduna ya chisangalalo ndipo ndaona chifukwa chake, amasewera ngati mwana amene akusangalala ndi mpira.

Potuluka ndinagula ma strawberry a kirimu aja, mapaundi 2.50, ndinadyera pa benchi ndikuimbira amayi ku Zomba pa WhatsApp. Anandifunsa ngati mtsikana wangayo wawina. Ndinati wawina amayi, amvekere chabwino udye mokwanira.

Lachiwiri, 11 Julaye

Thupi linakana lero nde ndinakhala pakhomo, ndinangopita ndi alamu ku msika wa Tooting kukagula nsomba ndi therere.

Svitolina wamutulutsa nambala wani! Świątek wagonja 7-5, 6-7, 6-2. Mayi wa khanda ali mu semi fainolo. Gemu ina Jessica Pegula anali patsogolo 4-1 mu seti yomaliza ndi mtsikana wa ku Czech Republic wamanzere wa ma tattoo m'manja monse, Markéta Vondroušová, koma atatseka denga chifukwa cha mvula mtsikanayo anatenga magemu asanu otsatizana nkupambana 6-4, 2-6, 6-4. Ndi nambala 42 pa dziko ndipo sali nkomwe pa mndandanda wa akatswiri 32 a mpikisano uno. Achimwene akuti ameneyo ndi wongodutsa. Ine ndaona mmene amadulira mpira ndipo sindinayankhe.

Mawa Rybakina. Yemwe uja.

Lachitatu, 12 Julaye

Mawu andithera, ndikulemba ndikumwa madzi otentha a mandimu ndi uchi.

Sabata yachiwiri ino mzere ndi waufupi ndipo tikiti yolowera yatsika mtengo chifukwa magemu akuluakulu onse ali m'ma bwalo a matikiti. Ndinakhazikika pa phiri msanga, malo abwino chapakati. Anthu a ku Tunisia analipo kagulu ndithu ndi mbendera zawo, ena ochokera ku France ena a konkuno, ndipo anandikokera pakati pawo nditangowauza kuti ndabwelera Ons. Bambo wina wachikulire anandifotokozera kuti Ons anabadwira ku Ksar Hellal nkukulira ku Sousse m'mbali mwa nyanja, anayamba tenesi ali ndi zaka 3 chifukwa mayi ake ankasewera, ndipo ali mwana ankaphunzirira pa ma bwalo a m'mahotela a alendo. Zinandikumbutsa ndili wamng'ono ku Blantyre tikusuzumira pa waya wa kalabu ina kuonera anthu akusewera, sitinkaganiza nkomwe kuti ndi masewero oti ifenso tingagwire raketi. Kochi wake Issam Jellali ndi wa ku Tunisia konko, ndipo womulimbitsa thupi ndi mwamuna wake Karim Kamoun. Wafika pamwamba apa ali ndi anthu akwawo, ichi ine chimandikhudza kwambiri.

Rybakina ndi wamtali ndipo sevu yake ndi chipolopolo, nkhope yake siisintha kaya wawina kaya waluza. Seti yoyamba Ons anali nayo m'manja koma inapulumuka, 6-7 pa tie-break, ndipo ndinamva m'mimba kuzizira kuti ayi zachaka chatha zija zayambanso. Koma ulendo uno Ons anasiya zokongoletsa zambiri nkuyamba kubweza moto ndi moto, sevu yachiwiri ya Rybakina ankailowerera ngati ali ndi ngongole naye. Seti yachiwiri 6-4. Yachitatu inangokhala ngati madzi otsika phiri, 6-1. Amene anatiliza chaka chatha watuluka! Tinavina pa phiri paja, azimayi a ku Tunisia akuimba nthungululu ndipo ine ndinaimba yanga ya kwathu, ndinadabwa kuti imafanana ndithu, azungu akungotijambula.

Aryna Sabalenka wamuchotsa Keys 6-2, 6-4 nde mawa ndi iyeyo. Kvitová, Rybakina, Sabalenka, onse omenya mwankhanza, njira ya Ons chaka chino ndi yaminga zedi.

Lachinayi, 13 Julaye

Pa phiri kachiwiri. Mwana wa achimwene analira m'mawa kuti ajombe ku sukulu, bambo ake anakana, ndinamulonjeza kuti Loweruka tikhala limodzi zivute zitani.

Gemu yoyamba inandimvetsa chisoni. Svitolina anaoneka wotopa, mwina katundu wa dziko lonse la Ukraine pa mapewa anamulemera, ndipo Vondroušová anangomudula 6-3, 6-3. Anthu anaimirira kumuombera m'manja akutuluka akupukuta misozi. Wadutsa Venus Williams, Sofia Kenin, Azarenka ndi Świątek mu mpikisano umodzi, onsewo anatengapo zikho zikuluzikulu, palibe chochita nacho manyazi.

Kenako yathu. Sabalenka ndi nambala 2 pa dziko, anatenga Australian Open mu Januwale, ndipo akamamenya mpira amakuwa mpaka pa sikirini timamva ngati ali pompano. Akanawina lero akanakhala nambala wani. Seti yoyamba inapitanso pa tie-break, 6-7 ngati dzulo. Yachiwiri Sabalenka anatsogola 4-2. Kunena zoona apa ndinayamba kupinda chitenje changa, mayi wa ku Tunisia amene ndinakhala naye anandigwira mkono amvekere khala pansi mlongo wanga sizinathe. Ndipo sizinathedi. Ons anatenga magemu anayi otsatizana, anatseka setiyo ndi mpira wobweza sevu umene unadutsa m'mbali mwa mzere ngati wojambula ndi rula, nkuika chala pa khutu kuuza bwalo kuti sindikukumvani. Ife kunja kuno tinamuyankha. Seti yachitatu 6-3, anamaliza ndi ace, sevu imene mnzake sanaikhudze nkomwe.

Fainolo yachiwiri motsatizana pa Wimbledon, yachitatu yonse tikawerengera US Open ya chaka chatha imene anagonja kwa Świątek. Chiyambireni nyengo ya akatswiri olipidwa mu 1968 palibe mzimayi wa ku Africa amene anatengapo chimodzi mwa zikho zinayi zikuluzikulu pa masewero a mmodzimmodzi. Kalekale mu 1960 Sandra Reynolds wa ku South Africa anafika fainolo pompano nkugonja kwa Maria Bueno wa ku Brazil. Zaka 63 abale. Loweruka zitha.

Lachisanu, 14 Julaye

Mvula tsiku lonse. Ndimayenera kubwerera lero koma mnzanga wa ku ntchito wavomera kusinthana nane shifiti ya Loweruka, Mulungu amudalitse mayi ameneyu, ndipo tikiti ya basi ndaisunthira Lamulungu.

Madzulo kwamveka uthenga woti mawa mzere kulibe chifukwa a zanyengo achenjeza za mphepo yamkuntho, nde pa phiri sitikafikapo. Mwana anakhumudwa koma alamu anati tipange Wimbledon yathu pa sitting room, agula kale ma strawberry ku shopu. Ndawerenga za Vondroušová usiku uno. Ali ndi zaka 24, anafikapo fainolo ya French Open mu 2019 ndipo ali ndi mendulo ya siliva ya Olympics ya ku Tokyo. Chaka chatha nthawi ngati ino anali mu London muno ngati mlendo wamba dzanja lili mu pulasitala atachitidwa opaleshoni. Mwamuna wake wakhala ali kwawo ku Prague masabata onsewa akusamala mphaka, pano ndiye apeza womusiyira kuti abwere. Si wongodutsa ayi, achimwene ndawauza.

Wopambana atenga mapaundi 2.35 miliyoni, chimodzimodzi ndi wa amuna, zimenezi zinayamba mu 2007. Koma Ons si ndalama akufuna, aliyense akudziwa.

Loweruka, 15 Julaye

Ndakhala nthawi yaitali foni ili m'manja osadziwa poyambira.

Wagonja. 6-4, 6-4.

Tinakhala tonse anayi ndi banja lina la chi Malawi la ku Croydon limene linabwera kudzaonera nafe, mwana atajambula mbendera ya Tunisia pa pepala, mwezi ndi nyenyezi zofiira. Denga la Centre Court linali lotseka chifukwa cha mphepo ija. Ons anayamba bwino, 2-0, kenako 4-2, ife tikuti eya ndi lero. Koma ine ndinamuona Lolemba ndi maso anga ndipo ndinadziwa msanga kuti uyu si yemwe uja. Miyendo inali yolemera, nkhope yomangika, kumwetulira kuja kunalibe. Mipira imene sabata yonse imalowa lero imakathera mu neti. Kuchoka pa 4-2 anataya magemu anayi otsatizana ngati munthu amene wagwidwa ndi dzanzi. Seti yachiwiri anadzuka pang'ono nkutsogola 3-1, tinaimirira tonse, kenako zomwezo. Ankadzimenya pa ntchafu ndi dzanja kuti thupi limve koma silinamve. Analakwitsa yekha mipira 31 pomwe mnzake 13 yokha.

Ndisamuchotsere ulemu Vondroušová. Kvitová, Rybakina ndi Sabalenka ankamupatsa Ons mpira wa liwiro ndipo iye ankangoubweza ndi liwiro lomwelo. Uyu sanamupatse liwiro lililonse, ankabweza mpira uliwonse, wodula, wochedwa, wina wokwera, mankhwala omwe aja Ons amamwetsa anzake, ndipo Ons ankayenera kupanga yekha mphamvu yonse ndi dzanja lomwe linali litauma kale ndi mantha. Vondroušová anamaliza ndi volley pa neti, kumenya mpira usanagwe pansi, nkugwa pa kapinga. Ndi mzimayi woyamba kutenga Wimbledon asali pa mndandanda wa akatswiri mu nyengo ino ya akatswiri olipidwa, ndipo Martina Navratilova amene anabadwira dziko lomwelo nkutenga mbale imeneyi ka 9 anali pompo akuonera. Mawa lake ndi tsiku lokumbukira chaka chimodzi cha ukwati wa Vondroušová. Anayenera.

Koma pamene Ons ankapita kukalandira mbale yaing'ono ya wachiwiri misozi ili chuchuchu, Princess of Wales, mkazi wa Prince William, nkumugwira mkono kumutonthoza, m'nyumba muno munalibe wolankhula. Anati uku ndi kugonja kowawa kwambiri pa moyo wake wonse wa tenesi, ndipo analonjeza kuti adzabweranso ndipo tsiku lina adzaitenga. Bwalo lonse linaimirira.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti mwina ifenso tinamulemetsa. Ine ndi chitenje changa, a Tunisia aja ndi mbendera zawo, Africa yense, Aarabu onse, aliyense akuti tichitire, tichitire. Tonsefe tinali kumbuyo kwake koma pa mzere paja anaima yekha, ndipo palibe mmodzi wa ife akanamugwirira raketi ngakhale pointi imodzi. Lolemba ndinaziona pa kamtsikana ka zaka 16, lero ndaziona pa mayi wa zaka 28 amene wamenya akatswiri anayi a zikho zikuluzikulu motsatizana kuti afike apa.

Mwana analira mpaka kubanika. Kenako anandifunsa, "Anti, abweranso chaka chamawa eti?" Ndinati abwera. Ma strawberry aja tinadya madzulo, ena anatsala.

Lamulungu, 16 Julaye

Ndili mu basi, tadutsa kumene Milton Keynes. Anthu ambiri muno ali pa mafoni akuonera fainolo ya amuna, Alcaraz ndi Djokovic, ine sindinatsegule.

M'mawa tisanapite ku Victoria mwana anandikokera ku paki kwawo ndi maraketi awiri, ina ya bambo ake. Mphepo inali isanatheretu. Anandiphunzitsa kagwiridwe, akuti ngati mukupereka moni anti, ndipo tinamenyerana mwina mphindi 40. Kenako anati ndiime kumbuyo kwenikweni, anaudula mpira mofewa nkugwera kuseri kwa neti, sindinaufikire. Anadumphadumpha akukuwa dzina la Ons mpaka anthu oyendetsa agalu anatembenuka. Ndamusiyira makhadi anga onse a pamzere kupatula ya Lolemba, imeneyo ili mu Baibulo.

Achimwene ndawauza kuti holide ikubwerayi ndikamapita kumudzi andipatse maraketi akale amene mwana wasiya, ndi mipira yakutha ya ku kalabu yawo, ana a achemwali ku Zomba ali ndi bwalo la netiboli kuseri kwa sukulu ndipo chingwe chomangira pakati sichingasowe. Shifiti yanga ikuyamba 8 koloko mawa usiku, yunifolomu sindinasite.